Kuthamangitsa Utsi ndi a Mwale

Ine Sailesi Chimbalanga sindine munthu wa cholembera. Sukulu ndinalekera pomwe ena amayambira, ndipo dzanja langali linazolowera fosholo. Koma ulendo uwu ndiulemba ndekha, chifukwa anthu kutchalitchi kuno ku Leicester akuukamba mokhotakhota. Ena akuti ndinaba wodwala, ena akuti ndinkafuna kupha mnzanga. Onse akunenawo sanali m'galimotomo. Ine ndinalimo.

Mnzanga ameneyu ndi a Mwale a ku Chipata. Iwo anali dalaivala wa sitima ya malasha ku Bulawayo, ine fayamani wawo, wothira malasha m'ng'anjo. Njanji ya ku Hwange tinaiyenda limodzi zaka zambirimbiri, iwo pampando, ine chilili, msana wopindika. Mpaka lero amanditchula kuti Faya, ine ndimati a Dalaivala. Ukalamba unatibalalitsa, ana athu n'kudzatikumanitsanso kuno: ine ku Wigston kwa mwana wanga ndi mwamuna wake, iwo ku Beaumont Leys kwa mwana wawo Esinati, amene ndi nesi.

Ku shedi yosungirako sitima ku Bulawayo kunali foromani wina wachizungu wochokera ku Doncaster. Pakhoma la kaofesi kake panali chithunzi cha mutu wa sitima wosalala mphuno ngati mlamba. Ankati mitu imeneyi inapangidwa kwawoko nkhondo yachiwiri isanayambe, ndipo yambiri anaitcha mayina a mbalame. Ntchito yake inali kukoka anthu kuchoka ku London mpaka ku Scotland osaima paliponse. Ife tinkaseka. Osaima? Nanga madzi? Iye ankati pakati pa njanji panali ngalande yaitali, sitima inkatunga madzi ikuthamanga. Nanga fayamani akatopa? Ati m'ngolo ya malasha munali kanjira, mnzako ankatulukira mmenemo kudzakulandira fosholo sitima ili paliwiro. Umodzi mwa mitu imeneyi, ati, unathamanga kuposa sitima ya malasha ina iliyonse, pamtsetse wina kufupi ndi Grantham.

Titabwera kuno tinapeza kuti Grantham ili pompa, ndipo munthu uja sankanama. Koma tinabwera mochedwa. Dizilo itafika, mitu yambiri anaidula n'kuigulitsa ngati zitsulo wamba. Inatsala yowerengeka. Ina anaitumiza kutsidya kwa nyanja, ina ili duu m'nyumba zoonetsera zakale, yozizira, ana akuipaka zala. A Mwale anakana kukaona yozizirayo. "Nifuna ya moto," ankatero.

Chaka chino mapapo awo anatha. Fumbi lija tinkameza lija linawapeza. Amayenda ndi botolo la okosijeni, kapaipi m'mphuno, ndipo madokotala anauza Esinati kuti chisanu chikubwerachi bambo ake sachiona. Ndiye mkamwini wanga, bambo a Tamanda, anaona pafoni kuti mutu umodzi wabuluu, umene amauyatsabe, unyamuka ku York Loweruka masana kulowera ku Scotland, ndipo ulendo wina wotere ndi wa chaka chamawa. A Mwale chaka chamawa analibe.

Esinati anakana. Ine ndinapita, ndinakhala pampando wake, ndinati sindichoka. Pomaliza anati, "Ku York basi, ankolo. Mukaone, mubwerere. Mabotolo ndi awiri okha, ndipo ine ndili pa shifiti."

Ndinamenya pachifuwa. Ndinati York basi.

Tinanyamuka ku Beaumont Leys m'mawa, nthawi tili nayo yambiri. Mkamwini pa chiwongolero, ine pambali pake, a Mwale kumbuyo atavala jekete ndi tayi, botolo lina pamiyendo, lina pansi. Tinalowa msewu waukulu wa M1 ndikuyimba ine. Tinadutsa zikwangwani za Loughborough, za Nottingham. Tisanafike ku Chesterfield tinaima pamalo opumulira apaulendo, chifukwa mankhwala a a Mwale amawatuma kuchimbudzi pafupipafupi. Tiyi wa pamenepo musagule, ndi madzi otsukira kapu. Tikulowanso m'galimoto, foni ya mkamwini inalira. Anawerenga, nkhope n'kugwa.

"Kwagwanji, bambo a Tamanda?"

"Zovuta, bambo. Mayi Msosa a ku Sheffield atisiya. Anthu ayamba kusonkhana kunyumba."

Mayi Msosa tinkawadziwa tonse. Ndi amene ankayambitsa nyimbo Amalawi akakumana. Ndinayang'ana chikwangwani. Sheffield inali patsogolo pathu penipeni, m'njira momwemo. Ndinati, "Zachisoni kwambiri. Tidzapita mawa. Lizani galimoto."

"Tipatuke," anatero a Mwale kumbuyo.

"A Dalaivala, sitima siidziwa maliro!"

"Faya, unayamba liti kudutsa pakhomo pa maliro monga suona?"

"Ndayamba lero! Mulungu akudziwa chifukwa chake. Inuyo mukufuna sitima kapena simukuifuna?"

Anapuma kaye, kapaipi kali fyuu, fyuu. Kenako anati, "Mawa ni ine. Nikapitirira lero, kunyumba kwa Esinati kuzabwera ndani?"

Mkamwini anayatsa chizindikiro, tinapatuka. Ndinangoti tikapepese chiimire, tituluke.

Koma inu mukudziwa kuti maliro sapepesa chiimire. Tinapeza nsapato zili mulu pakhomo, amayi ali pansi m'chipinda chochezera ndi zitenje zawo, abambo ali m'garaja. Mkamwini, poganizira wodwala, analowetsa galimoto m'kanjira ka pakhomo penipeni. Atangoona imvi zathu anatichotsera mipando ya kutsogolo. Anabwera wina kudzatilonjera, mmodzimmodzi, ndi kuwomba m'manja komwe. Anabwera wina kudzatifotokozera mmene matenda anayambira, mmene anapitira kuchipatala, mmene zinathera. Munthu akukufotokozera zimenezo sungayang'ane wotchi. Ine ndinayang'ana. Tiyi anabwera, tinamwa akuwotcha. Bambo Msosa eni ake anatuluka, anagwira manja a a Mwale n'kuyamba kulira. "Mwabwera ndi botolo lomwe, achimwene? Ndi botolo lomwe?" A Mwale anangowasisita paphewa.

Tinatsazika mwaulemu wonse. Potuluka, tinapeza galimoto yayikulu yakuda yaima kumbuyo kwa yathu, kutitsekera ngati chivindikiro.

"Ya ndani iyi?" ndinafunsa m'nyumba monse muli kumva.

"Ya abusa," anandinong'oneza mayi wina. "Angoyamba kumene pemphero."

Abusa amenewo ndi a ku Zimbabwe. Amapemphera m'Chishona, akamaliza abwereze m'Chingerezi, akamaliza abwereze m'Chichewa, kuti pasakhale wodandaula. Ndinaima pakhomo maso ali tong'o. Ndinatsokomola. Palibe. Atapuma pang'ono ndinakuwa kuti, "Ameni!" kuti mwina atsekere pomwepo. Nyumba yonse inandiyankha kuti Ameni, abusa n'kupeza mphamvu zatsopano. Anapempherera ana amasiye, anapempherera mtembo kuti udzayende bwino pandege, anapempherera achibale a kumudzi mmodzimmodzi. Ine thukuta lili kamukamu. Kudzera pawindo ndinkaona a Mwale ali m'galimoto, mutu atatsamira galasi.

Ndinagwada, ine nkhalamba, ndinakwawa pakati pa miyendo ya amayi mpaka kwa mayi busa. Ndinati, "Mayi, ndili ndi munthu panja amene mpweya wake uli m'botolo. Makiyi." Anandiyang'ana, anapisa dzanja m'jekete la amuna awo limene linali pampando, anandipatsa. Abusa sanatsegule n'diso lomwe.

Kuchoka ku Sheffield mkamwini anayendetsa mmene sindinamuonerepo. Tinadutsa m'mbali mwa Doncaster, kwawo kwa sitima ija, ndinatembenuka kuti ndiwauze a Mwale. Anali atagona, pakamwa pali yasa. Ndinawayang'anitsitsa pachifuwa mpaka ndinaona kuti pakukwera. Ku York magalimoto anali atatsekana, poimika panalibe. Ndinatsika galimoto ikuyenda, ndinathamanga. Inde, ndinathamanga, mawondo omwewa. Ndinalowa m'siteshoni ndikukankha anthu, ndikukuwa Chingerezi changa cha ku shedi.

Fungo ndi limene linandiuza. Malasha ndi mafuta otentha, zili m'denga monse. Panjanji panali madontho a madzi osauma. Anthu anali kupinda miyendo ya makamera awo. Ndinakhala pansi papulatifomu pomwepo, ngati mwana wotayika pamsika.

Anandidzutsa mkulu wina wachizungu wa chipewa cha ubweya, kamera ili pakhosi. Anati dzina lake ndi Kolini. Ndinamuuza zonse, za Bulawayo, za botolo, za abusa. Sindikudziwa kuti anamvapo zingati. Anatulutsa foni, anayang'ana, anati sitimayo ikaima kufupi ndi Newcastle kuti imwe madzi, chifukwa ngalande zija anazichotsa kalekale, masiku ano madzi amabwera ndi lole. Anati kupitirira Newcastle akudziwa kamlatho ka oyenda pansi, m'minda, pamene imadutsa ikukwera mtunda. Iye analibe galimoto. Ndinamugwira pamkono, sindinamusiye.

Kugalimoto ndinapeza mkamwini akusintha botolo. Loyamba linali litatha.

"Yapita?" anafunsa a Mwale.

"Yapita."

Anatseka maso. Ndinaona chibwano chikunjenjemera, munthu amene sindinamuonepo akulira ngakhale tsiku limene nthunzi inamuwotcha mkono.

"Bambo," anatero mkamwini kwa ine chapansipansi, "tinalonjeza York. Botolo latsala limodzi. Tikabwerera pano, litifikitsa. Tikapitirira, silitifikitsa."

Ananena zoona. Anayankha ndi a Mwale, maso ali chitsekere. "Yapita kuti?"

"Kumpoto, bambo," anatero mkamwini.

"Manje motoka yanu iyi, kumpoto siyendako?"

Mkamwini anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, anaweramitsa mutu. Ndi mwana wa eni ake, ali ndi ntchito yabwino, ali ndi ana awiri. Munthu akanafera m'galimoto yake, apolisi akanafunsa iyeyo. Sindinamukakamize, ngakhale ena akutero. Anadzutsa mutu, anati, "Akwere a Koliniwo."

Msewu wa kumpoto ndi wautali, anthu inu. Minda, minda, nkhosa, minda. Kolini anakhala kumbuyo ndi a Mwale, maso ali pafoni, akutchula malo amene sitima yadutsa. Anatulutsa buledi wa tchizi ndi anyezi, anatigawira. Palibe amene anameza. Chakufupi ndi Northallerton tinapeza msewu aupanikiza ndi tizipewa tofiira tija timene okonza msewu amandandalika, mtunda wonse, wogwira ntchito osaoneka ndi mmodzi yemwe. Tinakwawa kumbuyo kwa lole ya nkhumba. Ndinatsitsa galasi, ndinakalipira tizipewato. Mkamwini anati, "Bambo, mphepo ikuwalowa odwala." Ndinakweza.

Titapitirira Darlington, Kolini anakuwa akuloza kudzanja lamanja. Kutali uko, kuseri kwa mitengo, kunali mzera woyera wa utsi, wogona chagada ngati mmene umagonera sitima ikathamanga. "A Dalaivala, iyo! Iyo!" Anayesa kudzuka, lamba anawagwira, kapaipi kanakoleka pachitseko. Pamene tinkawamasula, mzera uja unali utasungunuka.

"Sinaone," anatero.

"Muiona."

"Faya, usaname. Singano ili pati?"

Pabotolo pali kasingano kosonyeza mpweya wotsala. Kanali katapitirira pakati, kakutsikira kofiira. Ndinati kali bwino. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikanama kuti moto uli bwino m'ng'anjo.

Kolini anati sitima yaima, ikumwa. Uwu ndiwo unali mwayi wathu woipitirira. Koma polowa m'mbali mwa Newcastle, kutsala pang'ono kuwoloka mtsinje, magalimoto onse a dziko lino anali pamenepo. Tinaima. Tinasuntha utali wa galimoto imodzi. Tinaimanso. Ndipo foni inalira, dzina la Esinati lili pagalasi. Mkamwini anandiyang'ana. Ndinati yankhani, mawu amveke kwa tonse.

"Mwafika pati? Ndatuluka pa buleki, ndimati ndimve."

Kolini, wosadziwa kanthu, analoza chikwangwani, anati mokondwa, "Newcastle!"

Mawu amene anatuluka m'foni muja sindiwalemba onse. Ananditchula dzina langa lonse, wopanda ankolo. Anafunsa singano. Mkamwini anamuuza zoona. Anayamba kulira. "Adadi, mufuna kufera mumsewu? Mufuna akaniitane kuti nibwere nikakuoneni mufiriji ku Newcastle?"

A Mwale anakodola kuti foni iyandikire. "Esinati, mwana wanga. Pabedi paja nizafa. Mumotoka muno kapena nizafa. Paja palibe chimene niyembekeza. Kuno chilipo. Nileke."

Kunamveka kufwenthera, nthawi yaitali. Pobweranso, mawu anali a nesi. Anauza mkamwini mmene achitire ndi botolo kuti likhalitseko. Anati bambo ake asalankhulenso, asayende ndi miyendo yawo, ndipo ikangodutsa sitimayo tilunjike chipatala chapafupi, osati Leicester. "Ndipo inu a Chimbalanga, tizaonana."

Tinawoloka mtsinje. Msewu unatseguka. Kolini anayang'ana foni, anasiya kumwetulira. Anati yamaliza kumwa, yanyamuka, ili kumbuyo kwathu ndipo ikubwera. Tsopano sitinali kuithamangitsa, inali kutithamangitsa ife. Ine sindine munthu wopemphera mofuula, ngakhale zina zonse ndimafuula. Tsiku limenelo ndinafuula. Ndinati Ambuye, munthu uyu wapepesa maliro a eni ake ali ndi botolo pamiyendo, Inuyo munaona. Musamuchititse manyazi. Ikani chizindikiro chofiira patsogolo pa sitimayo, ichedwe pang'ono pokha. Sindinapemphepo kanthu kwa Inu mwaukali, lero ndikupempha mwaukali.

Kupitirira Morpeth tinasiya msewu waukulu, tinalowa kamsewu kopapatiza, mitengo ya mpanda ikukwapula magalasi uku ndi uku. Kolini akuti kumanzere, kumanja, ayi bwererani, ndalakwitsa. Tinabwerera chambuyo. Milomo ya a Mwale inali itayamba kuda. Singano inali itagunda pofiira. Kamsewu kanathera pageti la munda, ndipo patsogolo pake, kupyola udzu, panali kamlatho kachitsulo ka masitepe ambirimbiri. Pansi pake njanji. Kuchokera pagalimoto sukanaona kanthu, njanjiyo ili m'chigwembe.

Ndinatsegula chitseko cha kumbuyo, ndinatembenuza msana. "Uyu ndi dalaivala wanga, ndimubereka ndine." Anandikolekera manja m'khosi. Anali wopepuka ngati thumba la makala lotha. Udzu ndinaudutsa. Pamasitepe oyambirira bondo lamanzere linangoti phwa, ndinagwada, chitsulo chinandidula pamsongolo. Ndinayesa kudzuka, linakana. Mkamwini anatipeza. Anagwada pambali panga, anawasamutsira kumsana kwake, anayamba kukwera. Ine ndinanyamula botolo, ndikukwawa pambuyo pawo ndi dzanja limodzi, kuti kapaipi kasaduke. Kolini anali kale pamwamba, akukuwa kuti fulumirani.

Tisanafike pamwamba njanji zinayamba kuyimba. Amene anagwirapo ntchito ya njanji akudziwa kayimbidwe kake. Kenako wezulo. Sinali ngati ya kwathu ija yobaya m'makutu. Inali yakuya, mawu angapo pamodzi, ngati abambo a kwaya akayamba nyimbo ya maliro. Mkamwini anawatsitsa, anawaimika motsamira chitsulo cha mlatho, atawagwira m'chiuno.

Inatulukira pakona, yabuluu, mphuno yosalala, utsi ukuponyedwa m'mwamba, mabogi ali ndondondo pambuyo. Inali kukwera mtunda ndipo fayamani wake, aliyense amene anali, ankagwira ntchito. A Mwale anakweza dzanja, osati kubayibitsa ngati mlendo, koma mmene dalaivala amapatsira moni dalaivala mnzake. Wezulo inaliranso.

Ndiye ndinaona dzanja lija likutsika, likupita kumphuno. Anazula kapaipi.

"A Dalaivala!"

Mlatho unagwedezeka. Utsi unatikwirira tonse, wotentha, wonyowa, wa malasha enieni, sindinaonenso munthu. Ndinangomva pafupi nane wina akukoka mpweya wautali, wautali, umene mapapo amenewo anali asanakokepo chaka chonse. Pansi pathu mabogi ankangoti gudugudu, gudugudu, mpaka anatha.

Utsi utapungula, a Mwale anali atakhala pansi akutsokomola, chifuwa chikung'ambika. Mkamwini anawabwezera kapaipi. Tayi yonse inali madonthomadontho a mwaye. Kolini anali ataima chipewa chili m'manja, kamera ili lende pakhosi, sanajambule n'kamodzi komwe.

Ndinakwawira pafupi. "Mwaiona?"

"Naona buluu chabe," anatero, mawu ali pang'onong'ono. "Koma yanipatsa kanthu."

Diso lawo lamanzere linali lofiira, likuchucha. M'kona mwake munali kachitsotso kakuda, kamalasha kochokera m'ng'anjo. Mkamwini anatulutsa kabotolo ka madzi ndi kansalu kuti awatsuke. A Mwale anamugwira dzanja.

"Kalekeni. Ni kanga."

Tinawatsitsa mmene tinawakwezera. Singano inali itagona. Mkamwini anayatsa magetsi onse a galimoto, Kolini akuloza njira ya kuchipatala, ine ndili kumbuyo, mutu wa a Mwale uli paphewa panga, ndikuwerenga kupuma kwawo. Njira yonseyo chikhatho chawo chinali padiso lija, atalitseka zolimba, kuti kasatuluke.